Manambala a pa thumba la feteleza ndi anthu amene amadyera pamenepo

Thumba la D kompaundi lili ndi manambala atatu olembedwa poonekera: 10-20-10. Matumba amenewa amatuluka m'masitolo a mu Lusaka mwezi wa Okutobala uliwonse, ena pa wilibala, ena pamwamba pa basi ya ku Chongwe kapena ku Mumbwa, koma mwa anthu owanyamulawo ndi ochepa amene anauzidwapo zimene manambalawo akunena. Kusadziwa kumeneku kumadya ndalama chaka ndi chaka. Sayansi ya ulimi, mukaivula mayina ake oopsa aja, mbali yake yaikulu ndi kuyeza: kuyeza munda, dothi, mbewu, mankhwala, chakudya cha ziweto ndi chinyezi cha zokolola. Liwu lililonse limene alangizi amatchula ndi muyeso wa chinthu china, ndipo kuseri kwake kuli munthu amene analiphunzira mpaka likumudyetsa. Zimene zili m'munsimu ndi za inu amene muli ndi puloti ku Makeni kapena ku Ten Miles, komanso za wachinyamata amene wamaliza giredi 12 ndipo akuganiza kuti maphunziro a ulimi amathera pa khasu.

Tiyambire pa kukula kwa munda, chifukwa malangizo onse amaima pamenepo. Hekitala ndi mamita 100 mulitali ndi mamita 100 mulifupi. Lima, muyeso umene tinazolowera kuno ku Zambia, ndi mamita 50 mbali zonse, kutanthauza kuti malima anayi ndiwo hekitala imodzi. Ekala ndi yocheperako pang'ono pa theka la hekitala. Maekala awiri ndi theka ndiwo amayandikira hekitala. Munthu amene amati ali ndi hekitala pomwe ali ndi ekala amathira feteleza ndi mankhwala opitirira kawiri muyeso. Chingwe cha mamita 50 ndi zikhomo zinayi zimathetsa mkangano umenewu m'mawa umodzi.

Dothi

Akatswiri akamanena za mtundu wa dothi amatanthauza kuchuluka kwa mchenga, fumbi losalala ndi dongo m'dothilo. Nyowetsani pang'ono, mulipotokole m'manja. Likakana kuumbika ndi lamchenga: madzi amalowa msanga, amathanso msanga, ndipo feteleza amatsukika. Likaumbika ngati chingwe chopindika osaduka ndi ladongo, monga makande a kudambo, losunga madzi koma lovuta kulima. Labwino kwa mbewu zambiri lili pakati.

Liwu limene limazunguza anthu ndi pH. Ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi. Nambala 7 ndiye pakati, ndipo ikamatsika asidi amakhala akuchuluka. Kutsikako si kwa pang'onopang'ono ayi: dothi la pH 4.5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la 5.5. Chimanga chimakonda pakati pa 5.5 ndi 6.5. Asidi akachuluka, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kuwotcha nsonga za mizu, mizu imakhala yaifupi ndi yonenepa, ndipo fosiforasi amene munagula ndi ndalama zanu amamangika m'dothi moti mbewu simufikira. Apa ndi pamene mumamva munthu akudandaula kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Kawirikawiri fetelezayo alibe mlandu. Munda umene wathiridwa yureya zaka zambiri osathirako laimu umanka nuwawasa, chifukwa feteleza wa nayitirojeni amasiya asidi m'mbuyo mwake.

Mankhwala ake ndi laimu wa zaulimi, ndipo ife a kuno tili ndi mwayi poti mwala wa laimu ndi wochuluka m'dera la Lusaka ndi Chilanga. Laimu sagwira ntchito tsiku limodzi. Amafunika kuthiridwa mvula isanayambe, ngati n'kotheka miyezi ingapo, kuti asakanikirane ndi dothi. Kuchuluka kwake musapenekere. Akuuzeni ndi a ku labu.

Katengedwe ka dothi lokayezetsa ndi kumene ambiri amalakwitsa, ndiye tikhalepo pang'ono. Yendani m'munda mokhotakhota, muime malo 15 kapena 20. Pa malo aliwonse chotsani zinyalala za pamwamba, kumbani masentimita 20, mucheke dothi kuyambira pamwamba mpaka pansi pa dzenjelo. Pewani pa chulu, pamene panali khola, pamene munatenthera mapesi ndi m'mphepete mwa njira, chifukwa malo amenewa amanamiza. Sakanizani zonse mu ndowa ya pulasitiki yoyera, mutapepo pafupifupi kilogalamu imodzi, muumitse pamthunzi, mulembe dzina la munda ndi mbewu imene mukufuna kubzala. Ngati mbali ina ya munda ndi katondo wofiira ndipo ina ndi yamchenga, imeneyo ndi minda iwiri, iliyonse ndi thumba lake. Dothi limayezedwa ku Mount Makulu ku Chilanga, kumene kuli likulu la ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ndiponso ku dipatimenti ya za nthaka ku University of Zambia. Amene amawerenga zotsatirazo n'kukuuzani zochita ndi katswiri wa za nthaka, ndipo pambali pake pamakhala anthu a mu labu amene amasefa, kuyeza ndi kusamala makina. Zonse ziwirizi ndi ntchito zolembedwa.

Tsopano tibwerere ku manambala aja. Amaimira magawo pa 100 alionse a zakudya zitatu za mbewu: nayitirojeni, fosifeti (wopereka fosiforasi) ndi potashi (wopereka potaziyamu), motsatana choncho nthawi zonse. M'thumba la makilogalamu 50 la D kompaundi muli makilogalamu 5 a nayitirojeni, 10 a fosifeti ndi 5 a potashi, kuphatikizapo salufa pang'ono. Fosifeti ndiye wochuluka chifukwa amamanga mizu, ndipo popeza sayenda m'dothi, ayenera kuikidwa pansi pafupi ndi mbewu pa nthawi yobzala. N'chifukwa chake timamutcha feteleza wapansi kapena wokulitsa. Kumuthira chimanga chitafika m'mawondo, monga zimachitikira feteleza akachedwa kufika, n'kutaya mbali yaikulu ya phindu lake.

Yureya ali ndi nambala imodzi, 46. Thumba lake lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo ndiye wapamwamba kapena wobereketsa. Malangizo ofala a chimanga ndi matumba anayi a D ndi anayi a yureya pa hekitala, kapena thumba limodzi la mtundu uliwonse pa lima. Mukawerengera, nayitirojeni yense amakwana makilogalamu 112 pa hekitala. Ngati mizere yanu yatalikirana masentimita 90 ndipo mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, muli ndi mapesi pafupifupi 44,000, ndiye phesi lililonse lilandire magalamu anayi ndi theka a yureya, pafupifupi kachitsekero ka botolo. Yureya ali ndi khalidwe loipa limodzi: akasiyidwa pamwamba pa dothi padzuwa, mbali ina imasanduka mpweya n'kuuluka. Bayani kadzenje masentimita 5 mpaka 10 kuchoka pa phesi, dothi lili lonyowa, thirani, kwirirani. M'dothi lamchenga mugawe kawiri, chifukwa mvula ya Januwale imamutsukira pansi kumene mizu sifika.

Mbewu imanena yokha chimene ikusowa. Masamba a m'munsi akachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati, ndi nayitirojeni. Chimanga chaching'ono chikafiirira ngati chapepo, ndi fosiforasi. M'mphepete mwa masamba mukaoneka ngati mwapsa, ndi potaziyamu. Munthu amene amaphatikiza zonsezi, dothi, mbewu, nyengo ndi kabzalidwe, kuti munda ubereke, ndiye agronomist. Makampani a mbewu ndi a feteleza, mafamu aakulu a ku Chisamba ndi Mkushi, ndi mabungwe othandiza alimi onse amalemba anthu otere.

Mbewu ndi mvula

Dziko lathu linagawidwa zigawo zitatu potengera mvula. Chigawo choyamba ndi zigwa zotentha monga cha Luangwa ndi cha Zambezi, kumene mvula siifika mamilimita 800 pa chaka. Chachiwiri chimalandira 800 mpaka 1,000, ndipo mtunda wa Lusaka, Central ndi Eastern uli m'menemo. Chachitatu ndi kumpoto, kumene imapitirira 1,000 ndipo dothi lake ndi la asidi kwambiri. Manambala a pa paketi ya chimanga amatsata zimenezi: oyamba ndi 3 kapena 4 ndi mbewu zocha msanga, 5 ndi 6 zapakati, 7 zochedwa koma zobereka kwambiri mvula ikakwana. Wobzala mbewu ya 7 ku Chirundu kumapeto kwa Disembala akutchova njuga. Chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, chinaonetsa poyera kuti kusankha mbewu ndi tsiku lobzala si nkhani yaing'ono.

Haibulidi ndi mwana wa makolo awiri osankhidwa amene amakwatitsidwa dala chaka chilichonse. Mphamvu yake ili mu m'badwo woyamba. Mukabzalanso za m'nkhokwe, makhalidwe a makolo aja amamwazikana, munda umakhala wa mapesi ena aatali ena aafupi, ndipo zokolola zimatsika. Mbewu zimene amazitcha OPV, zosakhala haibulidi, mungathe kuzibwereza nyengo ziwiri kapena zitatu ngati munda wake uli patali ndi chimanga china. Mbewu yovomerezeka ndi imene yayenderedwa m'munda ndi kuyezedwa ndi SCCI, bungwe loona za mbewu limene nalonso lili ku Mount Makulu, ndipo paketi yake imakhala ndi chizindikiro ndi nambala ya gulu. Chimanga chopakidwa utoto chogulitsidwa m'chitini pamsika chilibe umboni umenewo.

Kuyesa kameredwe n'kosavuta. Werengani njere 100, muziike pa chiguduli chonyowa, muchipinde, muzinyowetsa masiku 7, kenaka muwerenge zomera. Zikaposa 90 mbewu ili bwino. Zikatsika kufika m'ma 70, mwadziwa musanawononge feteleza. Obereketsa mitundu yatsopano ya mbewu, amene anatipatsa chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, amatha zaka zambiri pa mtundu umodzi. Ndi ntchito ya munthu wodekha, wokonda kulemba manambala, ndipo kawirikawiri imafuna digiri yachiwiri.

Kasinthasintha wa mbewu ali ndi sayansi yake. Soya, mtedza ndi nyemba zili ndi tinthu totupa ku mizu momwe mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitirojeni mu mpweya. Inokulanti amene amapakidwa ku mbewu ya soya ndi tizilombo timeneti tamoyo, choncho akasiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotentha amafa. Zulani soya ali ndi maluwa, mudule katotupa kamodzi: kakakhala kofiirira mkati, kakugwira ntchito. Kusintha mbewu kumachepetsanso kaufiti. Za maenje a ulimi wosunga nthaka ambiri anazimva kwa a Conservation Farming Unit: mizere masentimita 90, maenje kutalikirana masentimita 70, okumbidwa m'chilimwe kuti aboole dothi lolimba la pansi ndi kusunga madzi a mvula yoyamba.

Botolo la mankhwala

Pano m'pamene pali ngozi yeniyeni, ya thumba ndi ya moyo. Botolo lili ndi mayina awiri. Lalikulu ndi la malonda. Laling'ono, lolembedwa pansi pake, ndi la mankhwala enieni amene amapha. Mabotolo atatu a mayina osiyana akhoza kukhala ndi mankhwala amodzimodzi, ndiye mlimi amene akuti wasintha mankhwala amakhala akupopera omwewo, tizilombo n'kumazolowera mpaka osafanso. Alimi a tomato anaziona ndi kambozi ka Tuta absoluta, ndipo a chimanga akuziona ndi ntchemberezandonda zija zinalowa m'dziko muno chakumapeto kwa 2016.

Mbozi imeneyi imabisala mu nsonga ya chimanga. Musanapopere yenderani munda: imani malo asanu omwazikana, muone mapesi 20 pa malo aliwonse, muwerenge amene ali ndi masamba obooka ndi ndowe zatsopano ngati utuchi. Chimanga chikadali chaching'ono, mapesi 20 pa 100 ogwidwa ndi chizindikiro chakuti nthawi yakwana. Poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, molunjika mu nsongamo, mbozi zikadali zazing'ono. Zikakula zimadzitchinga ndi ndowe zawo ndipo mankhwala sazifika bwino.

Chizindikiro chikati lita imodzi pa hekitala, funso n'lakuti mu sipuleya imodzi mulowe zingati. Pimani malo a mamita 10 mbali zonse. Thirani madzi okha mu sipuleya, poperani malowo mukuyenda monga mumayendera nthawi zonse, kenaka yezani madzi amene atha. Tinene kuti atha malita awiri. Hekitala ndi malo otero 100, ndiye mufunika malita 200. Sipuleya ya malita 16 idzadzazidwa kokwana 12 ndi theka, choncho lita imodzi ija mukaigawa, sipuleya iliyonse ilandira mamililita 80. Munthu wina akasenza sipuleyayo, kapena mukasintha nozo, yezaninso, chifukwa mayendedwe a anthu amasiyana.

Ophera udzu nawo ali mitundumitundu. Glyphosate sasankha, amapha chobiriwira chilichonse chimene wakhudza, n'chifukwa chake amapoperedwa mbewu isanamere. Atrazine amalekerera chimanga koma amatsalira m'dothi, ndipo akhoza kuwononga nyemba kapena maungu obzalidwa pamenepo. Sipuleya ya udzu ikhale yakeyake ngati mungathe.

Pali nambala ina pa botolo imene ikukhudza aliyense wogula ndiwo ku Soweto: masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Kupopera repu kapena tomato lero n'kukagulitsa mawa ndi kudyetsa anthu poizoni, ngakhale masambawo aoneke okongola chotani. Mankhwala ololedwa m'dziko muno amalembetsedwa ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Odziwa za tizilombo ndi odziwa za matenda a mbewu ndi akatswiri awiri osiyana, ndipo palinso oyendera zomera m'malire a dziko monga ku Chirundu, amene amaonetsetsa kuti katundu sakulowetsa matenda atsopano.

Ziweto

Mu Lusaka ulimi wa ziweto umene uli kuseri kwa nyumba zambiri ndi nkhuku za nyama. Nambala yolamulira phindu lake ndi FCR, kutanthauza makilogalamu a chakudya amene nkhuku yadya kuti inenepe kilogalamu imodzi. Khola loyendetsedwa bwino limakhala pakati pa 1.6 ndi 1.8 pa masabata asanu ndi limodzi. Nambalayi ikapitirira 2, fufuzani: chakudya chikutayika m'zodyeramo, anapiye anazizidwa sabata yoyamba, madzi akuchepa, kapena muli matenda. Anapiye a tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, ndipo amakuuzani okha. Akaunjikana pa mbaula azizidwa, akathawira kumakoma atenthedwa, akamwazikana ali bwino. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro ndi wamoyo: amayenda mu ayezi, amasakanizidwa ndi madzi opanda klorini, ndipo ayenera kumwedwa pasanathe maola awiri. Madzi a pampopi amene sanachotsedwe klorini amamupha. Katemera sachiritsa nkhuku yodwala kale. Mankhwala ochiritsa nawo ali ndi masiku odikira nkhuku isanaphedwe kapena mazira asanadyedwe.

Kwa a ng'ombe mdani wamkulu ndi nkhupakupa, makamaka ya bulauni yokonda kukhutu, imene imafalitsa chigodola, matenda amene anzathu a kumwera amawatcha denkete. Nthawi ya mvula dibi ndi la sabata iliyonse. Pano pali ntchito zitatu zimene anthu amazisokoneza. Dokotala wa ziweto amapima, kuchiritsa ndi kuchita opaleshoni. Wothandizira wake ndi amene amapezeka kumakampu, kubaya katemera ndi kuyang'anira madibi. Katswiri wa kawetedwe amaona za chakudya, mitundu ndi kuswana, ndipo ndi amene amasakaniza zakudya m'mafakitale.

Zokolola zikafika pakhomo pali nambala imodzi yofunika kuisunga pamtima: 12.5. Ndicho chinyezi, magawo 12.5 pa 100, chimene a FRA, bungwe la boma losunga chakudya, amafuna pogula chimanga. Chimanga chonyowa kuposa apo chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa aflatoxin, poizoni wosaoneka amene satha ngakhale muphike nsima, wowononga chiwindi. Mu 2024 dziko lonse linamva za ufa umene unapezeka nawo. Popanda makina, ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba osalowa mpweya amapha anankafumbwe popanda mankhwala, bola asabooke. Iyi ndi mbali ya akatswiri a sayansi ya zakudya, amene amagwira ntchito m'zigayo zazikulu, m'mafakitale a mkaka ndi m'malabu oyeza ubwino wa katundu. A zachuma cha ulimi nawo ali ndi funso lawo: mukachotsa mbewu, feteleza, mankhwala, aganyu, matumba ndi mayendedwe pa ndalama zimene mwagulitsa, chatsala n'chiyani pa hekitala? Mabanki ndi makampani a inshuwalansi amalemba anthu odziwa kuwerengera zimenezi.

Kokaphunzira

Njira zilipo zitatu: satifiketi, dipuloma ndi digiri. Ku University of Zambia pa Great East Road kuli sukulu ya sayansi ya ulimi yophunzitsa za mbewu, nthaka, ziweto, chuma cha ulimi ndi zakudya, komanso sukulu ya madokotala a ziweto yotchedwa dzina la Samora Machel, kumene maphunziro amatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Koleji ya Natural Resources Development College (NRDC) imapereka madipuloma, kuphatikizapo a makina ndi ulimi wothirira. Zambia College of Agriculture ili ku Monze ndi ku Mpika, ndipo alangizi ambiri a m'makampu anachokera kumeneko. Othandizira madokotala a ziweto amaphunzira ku Mazabuka, a zansomba ku Kasaka ku Kafue, a zankhalango ku Mwekera kufupi ndi Kitwe. Palabana inadziwika ndi za mkaka, Kasisi ndi ulimi wosadalira mankhwala. Masamu, Chingerezi, biology ndi chemistry ndiwo amatsegula zitseko zimenezi. Amene akadali kusekondale asapeputse chemistry, chifukwa pH, feteleza ndi mankhwala onse aja ndi chemistry yokhayokha.

Ntchito ya ulangizi m'boma imayambira pa kampu, makampu angapo amapanga buloko, ndipo pamwamba pake pa boma lililonse pali DACO, mkulu woyang'anira za ulimi m'bomalo. Ndi ntchito yolemekezeka koma malo ake sakwanira onse omaliza maphunziro, ndiye ndi bwino kuyang'ananso kumakampani a nkhuku, a mbewu, a makina othirira ndi mafamu a nsomba a ku Siavonga. Olemba ntchito kumeneko amafunsa zimene manja anu anachitapo. Nthawi ya atachimenti sankhani famu kumene mudzagwira sipuleya, sikelo ndi buku la marekodi, osati ofesi kumene mudzangosunga mafayilo. Chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds, chimene chimachitika chakumapeto kwa Julaye mpaka Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti, chimasonkhanitsa ofufuza, makoleji ndi makampani pa bwalo limodzi. Pitani ndi kope, mufunse a pa sitandi iliyonse kuti anaphunzira kuti, anatha zaka zingati, ndiponso kuti pa tsiku wamba la ntchito amachita chiyani kuyambira m'mawa.